Munthu Wanuyu Agwa

Ku koleji ya aphunzitsi kumene ndinachitira kosi m'zaka za m'ma 1970, phunziro la zaluso silinkapatsa munthu ulemu. Ulemu unali pa masamu ndi Chingerezi. Zaluso ankaziika masana, mgaiwa ndi nyemba zitakhazikika m'mimba, moti ambiri ankalowa m'kalasimo kukasinza. Komabe pothawira panalibe, chifukwa mphunzitsi wa pulayimale nthawi imeneyo ankayenera kudziwa kujambula. Mabuku anali ochepa, ndipo m'sukulu zambiri za kumudzi chithunzi chimene mwana wa Sitandade 1 ankaona tsiku lonse chinali chokhacho chimene aphunzitsi ajambula pabolodi. Ukafuna kuphunzitsa za kusinja, unkayenera kuimika mayi pabolodipo, munsi uli m'manja, ana amuzindikire iwe usanatsegule pakamwa. Akayamba kugwedezana n'kumafunsana kuti chimenecho n'chiyani, ndiye kuti phunziro lagwa.

Anzathu ambiri ankakhutira ndi tianthu ta timizere: kamutu kozungulira, mzere umodzi wa thupi, timizere tinayi ta manja ndi miyendo. Pamayeso zinkakwanira. Koma tinalipo ochepa amene tinkafuna munthu weniweni, wa mnofu ndi mafupa, woti ukamuyang'ana papepala udziwe kuti watopa kapena akufulumira. Aphunzitsi athu a zaluso, bambo osalankhulalankhula amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo, anaiona njala imeneyi ndipo anatipatsa kiyi wa chipinda chosungiramo nsungwi, dongo ndi mlaza wa ntchito zamanja. Anati Loweruka masana chipindacho n'chathu, bola tizichoka titasesa. Iwo ankangosuzumiramo mwa apo ndi apo. Zambiri zimene ndikudziwa za kajambulidwe ka thupi la munthu ndinaziphunzira m'menemo, kwa anzanga amene nawonso sankadziwa.

Pepala loyera lalikulu linali la pamayeso pokha. Ife tinkapita kumene akumanga nyumba n'kukapempha matumba a simenti otha ntchito. Thumba la simenti limakhala ndi mapepala angapo ophatikizana. Lakunja n'lolembalemba, lam'kati n'la fumbi lokhalokha, koma apakatiwo ndi abwino, a mtundu wa khaki, olimba moti umafufuta kangapo osabooka. Tinkawamatula mosamala, kuwakuntha, n'kuwayala pansi pa matiresi kuti awongoke. Makala tinkawotcha tokha. Timitengo towongoka, tosenda makungwa, tinkatithina m'chitini chotseka bwino chokhala ndi kabowo kamodzi pachivundikiro, n'kupempha ophika kuti atiikire pamoto mpaka utsi utaleka kutuluka pakabowopo. Makala a m'mbaula sathandiza, amakanda pepala. Labala ikasowa tinkakanya m'kati mwa sikono n'kufufutira, ophika aja n'kumatiseka kuti ana asukulu a masiku ano akudyetsa mapepala.

M'laibulale munali buku limodzi lokha la kajambulidwe ka anthu, la Andrew Loomis wa ku America, lotchedwa Figure Drawing for All It's Worth, lomwe linatuluka koyamba mu 1943. Masamba ena tinapeza atadulidwa ndi lumo, ndipo wodulayo sitinavutike kumumvetsa, pakuti bukulo lili ndi zithunzi za anthu osavala. M'masamba otsalawo ndi mmene tinaphunzira kuti muyeso wa munthu ndi mutu wake womwe. Loomis amaonetsa kuti munthu wamba kutalika kwake ndi mitu 7 ndi theka, koma ojambula amakonda wa mitu 8 chifukwa amaoneka bwino, wa m'zithunzi zotsatsa zovala amafika 8 ndi theka, ndipo ngwazi za m'nthano mitu 9.

Tinati tione ngati n'zoona. Tinkaimikana kukhoma, wina atagwira chingwe, kuyeza kuchokera paliwombo kufika pachibwano, kenako kutsitsa muyesowo mpaka kuchidendene. Wa mitu 8 sanapezeke. Ambiri tinali pakati pa 7 ndi 7 ndi theka, ndipo mnzathu wina wamfupi, wa mutu wodalitsika, anakana kuyezedwa kachiwiri. Koma zina zinapezeka zoona pafupifupi mwa aliyense. Maso ali pakati penipeni pa mutu, osati kumtunda kumene aliyense woyamba kujambula amawaika. Chigongono chimagwera cha pamchombo. Ukatsitsa manja, nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu. Chikhatho chotambasula chimaphimba nkhope kuchokera pachibwano mpaka pamphumi. Phazi limalingana ndi mkono kuchokera pachigongono kufika polumikizira dzanja, ndipo ichi aliyense ankakana mpaka atakhala pansi n'kudziyeza yekha. Khanda lili ndi mitu pafupifupi 4 yokha. N'chifukwa chake mwana wojambulidwa ndi muyeso wa wamkulu amatuluka kankhalamba kakafupi, osati mwana.

Kuyeza munthu ali patali kuli ndi njira yake. Umatambasula mkono wonse, pensulo itaima, kutsinzina diso limodzi, nsonga ya pensulo paliwombo la munthuyo, chala chachikulu pachibwano, kenako n'kumatsika nayo kuwerenga mitu. Ukapinda chigongono pang'ono pokha, muyeso wonse wasokonekera. Amene ankatiyang'ana pawindo ankayesa tikulozana zala.

Oti tiwajambule tinali ife tomwe, mosinthana. Woimirirayo tinkamuzunguliza mapazi ndi choko kuti akapumula abwerere pomwe anali. Amene sanayesepo amaganiza kuti kuima chilili n'kopepuka. Pakangopita mphindi khumi dzanja limachita dzanzi, mphuno imayabwa, ntchentche imadziwa kuti sungaithamangitse. Katswiri pa ntchitoyi anali mlonda wa usiku, bambo wachikulire amene ankavomera kutikhalira pampando posinthana ndi tiyi ndi fodya. Ankagona atakhala, chibonga chili pamiyendo, osasuntha ngakhale chala. Ndikukhulupirira kuti palibe munthu m'boma lonselo amene anajambulidwa kambiri kuposa iyeyo.

M'sukulu za zaluso za ku Ulaya ophunzira amajambula munthu wosavala. Kwathu kuno zimenezo sizinali zoti n'kuziganizira. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mabuluku ndi madiresi oonetsa mawondo, amuna nawo analetsedwa tsitsi lalitali, ndipo lamulo lopereka mphamvu zounika mabuku ndi mafilimu linalipo kale kuyambira 1968. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, makolo athu sanatilere choncho. Motero mwendo wa mayi tinkauphunzira pa nsalu. Chitenje sichinama: pamene bondo lakankha, makwinya onse amayambira pomwepo n'kumwazikira kumunsi, ndipo mbali imene nsalu yakungika ndi imene kuli chiuno chonyamula thupi. Minofu ya amuna tinkaionera kubwalo la mpira ndi kwa ocheka matabwa, wina ali pamwamba pa chipika wina m'dzenje, malaya atavula. Mafupa tinkawabwereka pa tchati cha m'chipinda cha sayansi.

Vuto lalikulu silinali zipangizo, silinali lamulo. Linali pakamwa pathu.

Pagulu lathu panali abambo awiri amene anakhala aphunzitsi ogwirizira zaka zambiri asanabwere ku kosi, anthu a mabanja awo, mmodzi mkulu wa mpingo. Enafe tinali tangochoka kumene kusekondale. Dzuwa likapendeka tinkandanda zojambula zathu pansi m'mbali mwa khoma, kamwala pamwamba pa pepala lililonse, n'kuimirira kuziyang'ana. Kenako zii. Wina ankatsokomola n'kunena kuti, "Zili bwino, akulu." Wina, "Mwayesetsa ndithu, madala." Akuluwo nawo pobweza ulemu ankati, "Ana inu muli ndi dzanja." Tikatero tinkasesa n'kumapita, aliyense atanamizidwa mwaulemu. Mwana woleredwa bwino sauza bambo wa msinkhu wa atate ake kuti mwalakwitsa, ndipo wamkulu wanzeru safuna kufooketsa mwana pagulu. Miyezi inapita, mitu ya anthu athu ikukulirakulira, miyendo ikufupikirafupikira.

Loweruka lina aphunzitsi aja anatipeza tili pa mwambo womwewo. Anamvetsera osanena kanthu. Kenako ananjuta patsogolo pa chojambula cha mkulu wa mpingo uja, chomwe chinali bambo atasenza khasu paphewa, ndipo mwini wake sanamuyang'ane n'komwe. Analankhula ndi wa papepalayo.

"Pepanitu bambo. Mwendo wakumanzerewu munavulala liti?"

Tinagwira pakamwa, koma chiseko chinaphulikabe. Tonse tinacheukira mwini chithunzi kuti tione ngati zamupweteka. Mkuluyo anayang'ana munthu wake nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Zoona, akulu. Koma kumunda safika ameneyu. Tamuthandizani."

Kuyambira tsiku limenelo tinapeza njira. Sitinkadzudzula wojambula. Tinkakambirana za wojambulidwayo monga achibale akambirana za wodwala amene wagona m'nyumba, ndipo mwini pepala anali mmodzi mwa achibalewo, wofuna kuti m'bale wake achire. "Mayi awa khosi lithyoka." "Dzanja ili labwerekedwa kwa munthu wina." "Mnyamatayu mapazi onse awiri ndi akumanja." Mwana wa zaka 19 ankatha kunena zimenezi pamaso pa bambo wa ana asanu popanda mwano, bamboyo n'kuyankha kuti, "Ndamuona, mwanawe, ndimutengera kuchipatala." Ena anganene kuti kunali kuzemba chilungamo. Ine ndimati chilungamo chinayamba kunenedwa tsiku limenelo, chifukwa m'mbuyo monsemo tinkangopatsana moni.

Mawu amene ankamveka kawirikawiri anali akuti, "Munthu wanuyu agwa." Pali kadzenje pakhosi, pakati pa mafupa awiri opita kumapewa. Munthu akaima chilili, kadzenje kameneka kamakhala pamwamba penipeni pa phazi lonyamula thupi, kapena pakati pa mapazi ngati onse anyamula mofanana. Akatsamira mwendo umodzi, chiuno cha mbali imeneyo chimakwera, phewa la mbali yomweyo n'kutsika. Tinkamangirira kamwala kuchingwe n'kuchilendeweretsa patsogolo pa pepala. Chingwe chikachoka pakadzenje paja n'kukagwera pambali pa phazi, mlandu watha, munthuyo agwa, ngakhale nkhope yake ikongole chotani. Ndipo anthu okongola nkhope ndi amene ankagwa kwambiri, chifukwa wojambula amathera masana onse pa maso ndi milomo, miyendo n'kuimalizitsa mothamanga belu la chakudya litalira.

Pang'onopang'ono panabwera timalamulo tina, topanda wotilemba. Kunena kuti "chabwino" kapena "choipa" osaloza ndi chala kunaletsedwa. Ukanena kuti mkono sungapindike choncho, unkayenera kuimirira n'kuupinda wekha tonse tikuona, ndipo nthawi zina mkonowo unkapindika ndithu, wodzudzula n'kukhala pansi mwamanyazi. Pepala la mnzako sunkaligwira ndi makala ako. Ukafuna kumuonetsa, unkajambula pakachidutswa kena. Mwini chojambula ankakhala chete mpaka onse atatha, chifukwa tinaona kuti woyankha msanga amateteza m'malo momva. Lamulo lina tinalipanga chifukwa cha mnzathu mmodzi amene ankabwera chimanjamanja, koma pakamwa pali podzaza. Ankadziwa mayina a minofu m'Chingerezi, ankatchula Leonardo da Vinci ndi Michelangelo ngati anaphunzira nawo kalasi imodzi, koma chake chojambula sitinachione. Tinagwirizana kuti wopanda pepala pansi alibe pakamwa. Sabata yotsatira anabwera nalo pepala, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake anafewa.

Chifukwa chimene diso la mnzako limaonera zimene lako likulephera sichovuta kumvetsa. Ukakhala ndi chojambula maola awiri, diso limachizolowera, chopotoka chimayamba kuoneka chowongoka. Tinali ndi kachidutswa ka galasi lometera ndevu. Ukayang'ana chojambula chako m'galasimo, kapena ukachizondotsa mutu pansi, nkhope imene umayesa yowongoka imapezeka yapendekera mbali imodzi. Koma galasi limangoonetsa kupendekera. Silingakuuze zimene anauzidwa mnzathu wa ku Nkhotakota, amene anthu ake onse anali ndi manja m'thumba, kumbuyo, kapena kuseri kwa dengu. Mkulu wa mpingo uja anawayang'ana onse pamzere n'kufunsa mofatsa kuti, "Kodi anthu anuwa aba chiyani, achimwene, kuti onse azibisa manja?" Zala n'zovuta, ndipo mnzathuyo ankazithawa osadziwa kuti akuthawa. Mwezi wotsatira sanajambule china koma dzanja lake lamanzere: litagwira supuni, litafumbata, litatambasuka, litatsina mchere. Pomaliza kosi, manja abwino kuposa onse anali ake.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti zonse zinkatha ndi chiseko. Panali mnyamata wina wachete, amene mzere wake unali wamoyo kuposa wa tonsefe. Miyeso ankaiphonya, koma munthu wake ankapuma. Tsiku lina gulu lonse linamuunjikira ndi chingwe ndi kamwala, aliyense akufuna kuonetsa kuti waona cholakwika, osapezeka wonena chimene chinali chabwino. Anapinda pepala lake, ndipo Loweruka lotsatira sanabwere. Aphunzitsi atamva anakwiya, kamodzi kokha kamene ndinawaona atakwiya. Anati chingwe n'cha anthu amene maso awo sanatseguke, ndipo gulu limene limangodziwa kupeza matenda lidzatsala ndi anthu oyeza bwino okhaokha, opanda wojambula. Anamutsatira kuhositelo n'kumubweza, koma kumasuka kwake kwakale kunatenga nthawi kuti kubwerere. Pambuyo pake tinkayamba ndi kuloza malo amoyo pa chojambula, ndipo nawonso ankafunika chala, osati mawu okoma chabe.

Phunziro limene silichoka m'mutu mwanga linachokera kwa mtsikana wa ku Ntcheu, mmodzi mwa akazi awiri a pagulupo. Amunafe tinkakonda kujambula mayi atasenza ndowa, poti ndi chithunzi chimene aliyense amati ndi cha kwathu. Tsiku lina tinandanda amayi athu anayi kukhoma, onse makosi atapindika, mitu itaweramira kutsogolo, manja onse awiri atagwirira ndowa mwamantha. Mtsikanayo anawayendera mmodzimmodzi, n'kuima.

"Achimwene, amayi anuwa sanatungepo madzi chibadwire."

Tinafuna kutsutsa, poti tonse tinakulira kumudzi ndipo tinkaona amayi athu akuchokera kudambo tsiku ndi tsiku. Iye sanakangane nafe. Anatuluka, anadzaza ndowa pampopi, anapota nkhata ndi mpango wake, n'kutisenzetsa mmodzimmodzi kuti tizungulire chipindacho. Madzi anatayikira m'makolala a malaya, mkulu wa mpingo ananyowa mpaka m'nsapato. Koma khosi linatiphunzitsa zimene maso analephera zaka zonse zija. Wosenza katundu sawerama. Khosi limatalika n'kuwongoka, chibwano chimabwerera m'kati pang'ono, pansi amayang'ana ndi maso okha mutu osatsika. Mapewa amakhala bata, chiuno ndicho chimayenda. Dzanja limodzi likhoza kukhudza mkombero wa ndowa, linalo limalendewera kapena lagwira mwana. Kenako anabereka pilo kumsana ndi chitenje kuti tione mayi wa mwana: chifuwa chimapita kutsogolo pang'ono kubweza kulemera kwa kumbuyo, mfundo ya nsalu imakoka pachifuwa, ndipo timapazi ta mwana timasuzumira uku ndi uku m'chiuno. M'buku la Loomis munalibe tsamba la zimenezi, ndipo sikuti linadulidwa ndi lumo.

Kuchokera pamenepo tinayamba kukhulupirira kuti aliyense ali ndi thupi limene amalidziwa kuposa anzake. Pobwera kutchuthi aliyense ankabweretsa za kwawo. Wa ku Nkhotakota ankabwera ndi asodzi akukoka khoka, matupi atapendekera chambuyo, zidendene zitazama mumchenga. Wa ku Thyolo ankabwera ndi othyola tiyi, madengu kumsana, manja onse awiri ali pantchito. Ine ndinkabwera ndi amuna a ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, akukankha mabwato ndi nsungwi zazitali poti nyanjayo ndi yosaya. Apa chingwe ndi kamwala zinkasowa chonena, chifukwa munthu wokoka kapena wokankha amaoneka ngati agwa, chomugwira ndi khoka kapena nsungwiyo. Mwini dera ndiye ankaweruza.

Kumsika tinkapitanso, kope lili m'thumba pamodzi ndi khadi la chipani, poti masiku amenewo pachipata cha msika ankafunsa khadi. Kujambula pagulu kunkafuna nzeru. Munthu wakhala pakona, akukuyang'ana n'kumalemba m'kope: nthawi imeneyo zimenezo zinali ndi tanthauzo loopsa. Ena ankaopa kuti ndiwe kazitape, ena ankati ukufuna kuwatenga chithunzithunzi chawo ukachite nacho zamankhwala. Tinaphunzira kupereka moni kaye, kugula kanthu, kuonetsa kope lonse, n'kupempha. Amayi ogulitsa tomato ankavomera kenako n'kuuma thupi, kukonza duku, kuleka kukhala mmene tinawapezera. Abwino anali osewera bawo. Munthu wa bawo akaweramira pa bawo lake, dziko lonse amaliiwala, ndipo ukhoza kumujambula msana, khosi ndi dzanja lotapa nkhomo iye osadziwa kuti ulipo. Atelala a pakhonde nawo anali abwino, phazi lili pa chopondera cha makina. Oyenda tinkawajambula mwa liwiro, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi munthu asanakhote, kuyambira pa mzere wa msana, nkhope osaiganizira. Akatipeza anthu a pamsika ankatizinga, ndipo kudzudzula kwawo kunalibe ulemu wa kukoleji. "Si iyeyu ameneyu!" Kapena, mwana akuloza ndi chala, "Awa ndi agogo ogulitsa fodya aja!" Mawu achiwiriwa anali malipiro okwanira sabata yonse.

Nkhope imodzi yokha sitinkaijambula. Chithunzi cha Kamuzu chinali m'maofesi, m'masitolo, pa ndalama ndi pa nsalu za mbumba, ndipo aliyense ankaidziwa nkhope imeneyo kuposa ya atate ake. Koma wophunzira amalakwitsa, ndipo mphuno yokula pang'ono pa nkhope imeneyo sikanatengedwa ngati kulakwitsa kwa wophunzira. Palibe anatiletsa. Tinkangodziwa.

Matumba a simenti aja, amene tinkawatola chifukwa cha umphawi, anatipatsa chinthu chimene pepala loyera silikanatipatsa. Mabuku a ku Ulaya amaphunzitsa kusiya khungu loyera ngati pepalalo n'kudetsa mithunzi yokha. Ukatsata njira imeneyo pojambula munthu wakuda, umapeza mzungu wa tsitsi lopotana. Ukati udetse nkhope yonse ndi makala, umapeza chikwangwani chakuda cha maso awiri. Tinakangana za ichi masabata ambiri. Yankho linabwera ndi mnyamata wachete uja, atabwerera. Anatola choko cha pabolodi n'kukhudza nacho malo ochepa pa nkhope ya mlonda imene anajambula pa pepala la khaki: pamphumi, pamwamba pa masaya, pamsana wa mphuno, pamlomo wam'munsi. Nkhopeyo inatuluka m'pepala. Khungu lakuda limaoneka ndi kuwala kumene likubweza, makamaka pamene fupa layandikira kunja kapena pamene pali thukuta. Pepala la khaki linali kale pakati, makala ankatsitsa, choko chinkakweza. Choko chikachuluka munthu amaoneka wodzola ufa, ndiye panabadwanso mawu ena a pagulu: "Ameneyu wachokera kuchigayo."

Mkangano umene sitinaumalize unali ndi mnzathu wa ku Dedza. Iye ankati miyeso yonseyi ndi ya azungu, makolo athu ankasema ndi kujambula popanda chingwe, ndipo tikapitiriza tidzaiwala dzanja lathu. Ankatchula zojambula za m'mapanga a Chongoni kwawoko, zimene pambuyo pake, mu 2006, bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, malo 127. Ankafunanso kutchula zina za kudambwe, koma pamenepo ankadziletsa, poti pagulupo panali osavinidwa. Patapita zaka, ndili mphunzitsi kale, ndinapita ku Mua kukaona malo a zaluso a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher, omwe anthu amawatcha Achisale, anayambitsa mu 1976. Ndinaima nthawi yaitali kuyang'ana amisiri akusema. Anthu awo ambiri anali a mitu ikuluikulu ndi manja akuluakulu, kutali ndi mitu 8 ya m'buku lija. Komatu mayi wosemedwa atabereka mwana anali atapendekera kutsogolo ndendende mmene mtsikana wa ku Ntcheu anationetsera, ndipo wosenza mtolo khosi lake linali chilili.

Maganizo anga ndi akuti mnzanga wa ku Dedza ankanena zoona pa za mutu, koma osati pa za mwendo. Loomis amachepetsa mutu kuti munthu aoneke ngwazi, mmisiri wa ku Mua amaukulitsa chifukwa pankhope ndi pamene akufuna uyang'ane. Onse awiri akusankha, ndipo palibe wolakwa. Chimene onse awiri sangalole ndi munthu wosadziwa mwendo umene waimira. Ngakhale Pewani wa Brian Hara, amene tinkamuthamangira m'nyuzipepala ya Malawi News, anali wa mizere yochepa ndi thupi lokokomeza, koma akaima ankaima, akathawa ankathawadi.

Masiku ano ndimaona achinyamata ambiri a luso, ena ondiposa kutali. Amatenga chithunzi cha pafoni, kuchigawa m'timabokosi, n'kuchikopera ndi pensulo mpaka tsitsi lililonse la m'nsidze lioneke. Ndi ntchito ya khama ndipo ena akudyerapo, sindikuinyoza. Koma zambiri zimathera m'mapewa. Ukawapempha munthu wathunthu akupalasa njinga ya kabaza, kapena mayi akupeta, dzanja limanjenjemera, chifukwa kamera inawayezera kale zonse ndipo sanayambe aimirira kuti amve okha kumene kulemera kwapita. Akaonetsa anzawo, yankho limakhala loti zili bho, zaphweka, ndiwe dolo. Ndi moni yemwe uja tinkapatsana ife tisanaphunzire kulankhula, wangosintha zovala.

Inu aphunzitsi a Expressive Arts, ndi inu makolo amene mwana wanu amamaliza makope ndi zojambula mpaka mumamukalipira, mumupezere anzake awiri kapena atatu a mtima womwewo, azijambula munthu mmodzi pa nthawi imodzi n'kundanda mapepala pansi. Akakubweretserani chojambula, musangoti n'chokongola. Mufunseni kuti munthu wakeyo waimira mwendo uti. Akasowa choyankha, dzukani pampandopo mumuimirire mphindi khumi, ajambulenso.